Kanyale kachikasu kamene kanatidyera maola 25 a m'munda

Kumayambiriro kwa Okutobala 2024, nthawi imene kukolola karoti ndi anyezi kumakhala kuli pachimake ku Holland Marsh, vani yathu inayamba khalidwe lachilendo. Tsiku lina m'mamawa, tikutsika ndi Canal Road kupita kumunda, padashibodi panayaka kanyale kachikasu kooneka ngati chithunzi cha injini. Galimoto inkayenda bwinobwino, osatsokomola, osanjenjemera. Patapita masiku awiri kanyale kaja kanazima kokha. Tinati basi zatha. Sabata yotsatira kanayakanso.

Vani imeneyi si ya munthu mmodzi. Tinasonkherana mabanja asanu kuti tiigule, ya 2011, ya masilinda 6, itayenda kale makilomita oposa 200,000. Imanyamula anthu asanu ndi awiri kupita kumunda m'mawa uliwonse, Loweruka imatipititsa kukagula ufa ndi ndiwo ku Newmarket, Lamulungu imatitsitsa ndi Highway 400 kupita kutchalitchi ku Toronto. Mwana akadwala usiku, ndi yomweyi. Inu nonse mukudziwa kuti kumidzi ya kuno kulibe minibasi yoti mungoikweza dzanja, kulibe kabaza. Galimoto ikagona tsiku limodzi nthawi yokolola, ndiye kuti anthu asanu ndi awiri aluza tsiku.

Choncho kanyale kaja kanabweretsa mkangano m'vani. Achimwene a ku Dedza amene amatiyendetsa anati, "Aaa, magalimoto a kuno ndi amantha, tingomatapo tepi yakuda basi." Mayi a ku Katete amene amasunga thumba lathu la ndalama anakana. Anati, "Iyayi alamu, chinthu sichingalire popanda chochiluma." Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo zimene tinaphunzira m'masabata asanu ndi limodzi otsatira ndi zimene tikufuna kugawana nanu lero, kuti ndalama imene tinataya ifeyo inu musatayenso.

Chifukwa chake kamayaka n'kumazima

Ambiri a ife tinakula ndi magalimoto a kabuleta, ma Peugeot 504 ndi ma Datsun, amene makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi ankangomvetsera ndi khutu n'kudziwa pamene pavuta. Galimoto ya masiku ano ili ndi kompyuta imene imayang'anira injini nthawi yonse imene ikulira. Njira imeneyi imatchedwa OBD-II. Ku United States inakhala lamulo pa magalimoto a 1996 kupita m'tsogolo, kuno ku Canada a 1998. Kompyutayo ikaona chinthu chosayenda bwino imalemba nambala yake, imene amakaniko amati khodi, kenako n'kuyatsa kanyale.

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Pa zovuta zambiri kompyuta siyatsa kanyale ulendo woyamba. Imangolemba pambali n'kudikira. Ikaonanso vuto lomwelo pa ulendo wachiwiri wotsatizana, m'pamene imayatsa. Ndipo vutolo likapanda kuonekanso pa maulendo atatu otsatizana, imazimitsa yokha. Vani yathu imayenda kawiri patsiku, kupita ndi kubwera, n'chifukwa chake kanyale kankazima pakatha masiku awiri. Sikuti galimoto inkachira ayi. Zinali ngati dzino lobooka limene limasiya kuwawa masana n'kudzayambiranso usiku.

Chabwino chake n'choti kanyale kakazima khodi siyifufutika nthawi yomweyo. Imakhalabe m'kompyuta mpaka injini itatentha ndi kuzizira maulendo 40 vutolo osabweranso. Ndiye musanene kuti "tipita kugalaja kakadzayakanso". Ngakhale kali kozima, makina oyezera aipeza khodiyo.

Pali kusiyana kumodzi kumene aliyense wokwera m'galimoto, ngakhale ana, ayenera kudziwa. Kanyale kakangoyaka n'kukhala phee, galimoto n'kumayenda bwino, mukhoza kufika kumene mukupita n'kukayezetsa m'masiku ochepa. Koma kakamaphethira, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha petulo, ndipo petulo wosapsayo akupita kukayakira mu catalytic converter, chibokosi chija cha paekizozi chimene chimayeretsa utsi. Pamenepo chepetsani liwiro, pezani malo abwino, imani. Chimodzimodzinso nyale yofiira ya oyilo kapena ya kutentha kwa injini: imeneyo si yokambirana, zimitsani injini.

Lilime la injini

Mayi akamaphika ndiwo amalawa, akamva kuti mchere wachepa amawonjezera. Sensa ya okosijeni ndiyo lilime la injini. Ndi kachitsulo kofanana ndi pulagi, kamene kamamangidwa papaipi ya ekizozi, kali ndi mawaya opita kukompyuta. Ntchito yake ndi kulawa utsi wotuluka n'kuuza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa. Injini ya petulo imawotcha bwino pakakhala makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo, ndipo kompyuta imalimbana ndi kusunga muyeso umenewu sekondi iliyonse. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo inayamba kupanga masensa amenewa, ndipo anayamba kuikidwa m'magalimoto a Volvo mu 1976.

Sensa ya mtundu wakale imalankhula ndi magetsi ochepa kwambiri. Petulo akachepa imatumiza pafupifupi 0.1 volt, akachuluka pafupifupi 0.9 volt, ndipo ikakhala yamoyo nambalayo imavinavina, kukwera ndi kutsika mosalekeza. Ikakalamba imayamba ulesi, kuyankha mochedwa. Magalimoto ambiri atsopano, makamaka a ku Japan, ali ndi sensa yakutsogolo ya mtundu wina, imene nambala yake sivina chotero, ndiye musaiweruze kuti yafa chifukwa chongoona kuti yakhazikika.

Sensa sigwira ntchito ili yozizira. Imafuna kutentha koposa madigiri 300. N'chifukwa chake m'kati mwake anaikamo kawaya kotenthetsa, ngati ka m'ketulo yamagetsi, kuti iyambe msanga ntchito ngakhale m'mawa wa Januwale. Nthawi imene isanatenthe, kompyuta imangothira petulo mongoyerekeza, ndipo imathira wochulukirapo. Sensa ikafa kapena ikamanama, thanki imatha msanga, ndipo petulo wochuluka uja pang'onopang'ono amawononga catalytic converter. Chibokosi chimenecho chili ndi miyala yodula, platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake mbava za ku Toronto zimachidula usiku, ndipo n'chifukwa chakenso mtengo wake umaposa wa sensa kangapo konse.

Galimoto ya masilinda 4 nthawi zambiri imakhala ndi masensa awiri: ina kutsogolo kwa catalytic converter, imene amati Sensor 1, ina kumbuyo, Sensor 2. Yakutsogolo ndiyo imalamulira petulo, yakumbuyo imayang'anira ngati chibokosicho chikuyeretsadi utsi. Injini ya V6 ngati yathuyi kawirikawiri imakhala ndi anayi, chifukwa ili ndi mbali ziwiri, Bank 1 ndi Bank 2. Bank 1 ndi mbali imene kuli silinda nambala 1. Alipo anthu amene anagula sensa yabwinobwino n'kukaimanga mbali yolakwika, ndiye dziwani kaye mbali yake musanagwire sipanala.

Mmene tinatayira $429

Kanyale katayaka kachitatu tinapita kugalaja ina ya pafupi. Dzina lake sititchula, chifukwa cholakwa china chinali chathu. Makaniko analumikiza makina ake, n'kutiuza kuti khodi ndi P0135, kutanthauza kuti pali vuto pa magetsi otenthetsa sensa ya Bank 1, Sensor 1. Ife titangomva mawu oti sensa, ndipo tili ndi changu chobwerera kumunda, tinati, "Bwana, sinthani lero lomwe." Sanatitsutse. Kuyeza anatitchaja $120, sensa ndi ntchito $260, kuphatikiza msonkho wa HST wa 13 peresenti zonse zinakwana $429.40. Malipiro otsikitsitsa ku Ontario anali atangofika $17.20 pa ola pa 1 Okutobala chaka chimenecho. Mukawerengera mupeza kuti ndi maola 25 a munthu atawerama m'matope akuda aja. Ndalama imeneyo ena mwa ife tinali titaiwerengera kale pa fizi ya ana kumudzi ndi feteleza wa dzinja.

Patapita masiku asanu ndi anayi, kanyale kaja ng'anii, kayakanso. Khodi yomweyo. Titabwerera anatiyezeranso osatilipiritsa, n'kupeza kuti sensa yatsopanoyo ilibe vuto. Kenako anayamba kunena kuti mwina ndi kompyuta ya galimoto, ndipo mtengo umene anatchula unatikhalitsa chete tonse. Tinapempha sensa yathu yakale, tinaiika m'jumbo, n'kubwerera kunyumba.

Apa m'pamene tinamvetsa chinthu chimene tikanayenera kudziwa poyamba. Khodi sinena kuti "chipangizo ichi chafa". Imanena kuti "kuchokera mbali iyi kukubwera uthenga wosamveka". Ndiwo zikawawa mchere, mlandu si wa lilime. P0135 ikhoza kukhala sensa, inde, koma ikhozanso kukhala fiyuzi, waya, kapena pulagi yolumikizira mawaya.

Kope la amayi

Amene anatipulumutsa si makaniko, ndi mayi a ku Katete aja. Iwo amalemba chilichonse cha vani m'kope la sukulu: petulo wa ndalama zingati, tsiku lanji, makilomita angati. Kuyambira tsiku loyamba analinso kulemba pamene kanyale kayaka ndi pamene kazima. Madzulo ena tikudya anatsegula kopelo n'kunena kuti, "Abale, taonani. Nthawi zonse kakuyaka m'mawa wotsatira tsiku la mvula." Tinayang'ana masiku aja mmodzimmodzi, zinali zoona. Maulendo onse anayi, dzulo lake kunagwa mvula kapena tinadutsa m'zithaphwi za m'misewu ya kumunda. Madzulo kompyuta inkalemba pambali, m'mawa pansi pa galimoto pakadali ponyowa inkaonanso vutolo n'kuyatsa. Kukauma masiku awiri, n'kuzimitsa.

Mnyamata wa ku Angonia amene timagwira naye ntchito anagula kamakina koyezera ka $40, kaja kolumikiza ndi foni. Makina oterewa amapezeka ku Canadian Tire, ku Princess Auto ngakhale pa intaneti. Polumikizira pake pali pansi pa dashibodi, chakumaondo kwa dalaivala, pali timabowo 16. Kamakinako kanationetsa chinthu china chimene kompyuta imasunga, chimene amati freeze frame: chithunzi cha mmene injini inalili nthawi imene vuto linachitika. Chinaonetsa kuti injini inali yozizira, itangolizidwa kumene. Zinagwirizana ndi kope.

Tinapita kwa makaniko wina, bambo wachikulire wa ku Scarborough amene anzathu a kutchalitchi anatilozera. Tinamupatsa kope, chithunzi cha pafoni ndi sensa yakale ija. Anayamba ndi kuyeza sensa yakaleyo ndi mita yamagetsi, n'kupeza kuti kawaya kotenthetsa kanali kamoyo. Ndiye kuti tinachotsa chinthu chosafa. Anaona fiyuzi, inali bwino. Kenako anakweza galimoto, analiza injini, n'kuyamba kugwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono maso ali pamita. Atafika pamalo ena, chapamwamba pa pulagi ya sensa, nambala inalumpha. Anamasula tepi. Waya wina anali akukhuzana ndi kachitsulo kwa zaka zambiri mpaka chikopa chake chinang'ambika, madzi a mchere wa mumsewu analowa, ndipo kopa wa m'kati anali atasanduka wobiriwira, kutangotsala tingwe tiwiri kapena titatu. Anadula pamenepo, analumikiza waya watsopano, anatseka bwino kuti madzi asalowe, n'kuumanga kutali ndi chitsulo chija. Zonse pamodzi ndi msonkho zinakwana $203.40. Chisanu chonse chinadutsa kanyale osayakanso.

Mchere umenewu ndi mdani amene kwathu sitimudziwa. Kuyambira Novembala mpaka Malichi misewu ya Ontario imathiridwa mchere kuti chipale chisungunuke, ndipo madzi ake amakwera pansi pa galimoto n'kumadya mapaipi, mabawuti ndi mawaya. Galimoto ya kumunda imasenzanso matope amene amasunga chinyezi. Vuto limene limabwera n'kumapita, pa galimoto yakale ya kuno, nthawi zambiri muyambe mwakayikira waya, pulagi kapena kabowo paekizozi.

Musanatulutse ndalama

Choyamba sichilira khobidi: onani chotsekera thanki ya petulo. Chikakhala chosamanga bwino kapena labala wake atang'ambika, kanyale komweka kamayaka, ndipo makhodi ake amakhala ngati P0442, P0455 kapena P0457. Mangani mpaka chilire, yendani masiku angapo muone.

Chachiwiri, lembani. Tsiku, nyengo, injini inali yozizira kapena yotentha, munali pamsewu waukulu kapena mumabampu, munali mutangothira petulo kapena ayi. Vuto lobisala limagwidwa ndi kope.

Chachitatu, werengani khodi ndipo muijambule ndi foni pamodzi ndi freeze frame musanafufute chilichonse. Kuchotsa waya wa batire kuti kanyale kazime ndi kufufuta mapazi a mbava. Vuto limatsala, umboni n'kupita.

Makhodi a masensa a okosijeni ambiri ali pakati pa P0130 ndi P0167. P0135, P0141, P0155 ndi P0161 ndi a magetsi otenthetsa, ndipo pa amenewa muyambe ndi fiyuzi, pulagi ndi waya. P0133 ikutanthauza kuti sensa yakutsogolo ikuyankha mochedwa, ndipo apa kawirikawiri imakhaladi yokalamba, makamaka ngati yayenda makilomita oposa 150,000 isanasinthidwepo. P0131 ndi P0132 ndi magetsi otsika kapena okwera kwambiri, zimene zikhoza kuchokera kusensa, kuwaya kapena kuinjini yeniyeniyo.

Pali makhodi ena amene amanamiziridwa sensa pomwe iyo ikungonena zoona. P0171 ndi P0174 akunena kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa. Nthawi zambiri ndi kapaipi ka labala kong'ambika pansi pa boneti, sensa yoyeza mpweya wolowa imene yada ndi fumbi, kapena pampu ya petulo yofooka. Pakamakina kaja pali nambala yotchedwa long term fuel trim, imene imaonetsa kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Ikamaposa 10 peresenti, pali chimene chikuchitika. Ngati ili yokwera injini ikungolira poima, n'kutsika mukaponda mafuta, kayikirani mpweya wolowera pamalo ong'ambika. P0420 ndi P0430 akunena za catalytic converter, koma musanavomere kugula chibokosi chatsopano, makaniko atsimikize kaye kuti palibe kabowo paekizozi ndiponso kuti sensa yakumbuyo ili bwino. P0300 mpaka P0306 ndi masilinda osawotcha bwino, amenewo ndi a mapulagi, makoyilo kapena mainjekita.

Kabowo ka paekizozi mukhoza kukamva nokha. M'mawa injini ili yozizira, mvetserani ngati pakumveka kuti thithithi chakutsogolo, phokoso limene limachepa injini ikatentha. Yang'ananinso mwaye wakuda pamalo olumikizira mapaipi. Kabowo kakakhala kutsogolo kwa sensa kamakoka mpweya wa kunja, sensa n'kumauza kompyuta kuti petulo wachepa pomwe sanachepe. Ndipo apa nkhani si ya ndalama yokha. Utsi wa galimoto uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, wakupha. M'chisanu timatseka mawindo onse, ana ali kumbuyo. Ngati anthu akumva mutu, chizungulire kapena tulo tosadziwika bwino m'galimoto, tsegulani mawindo, imani, tulukani, ndipo wina akafooka imbani 911. Musalize injini m'galaja kapena m'shedi yotseka, ngakhale kukuzizira chotani.

Sensa ikafadi, funsaninso chimene chaipha. Injini yodya oyilo, madzi a muladiyeta olowa m'masilinda, ndi guluu wa silikoni wosayenera zimaipaka poizoni, ndipo yatsopanoyo idzafanso chimodzimodzi. Kale petulo wa mtovu ankaiphanso. Kuno anamuletsa mu 1990, kwathu kum'mwera kwa Sahara anamusiya mu 2006.

Kwa amene ali ndi manja a ntchito, kusintha sensa si kovuta. Pamafunika sipanala ya 22 mm, makamaka soketi yong'ambika pambali yoti waya adutse. Gulani ya nambala yeniyeni ya galimoto yanu, ya makampani odziwika ngati Denso, NTK kapena Bosch, yobwera ndi pulagi yake, osati yodula mawaya n'kulumikiza. Thirani mafuta omasula dzimbiri dzulo lake. Koma chonde abale, musalowe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke yokha, makamaka padothi lofewa la kumunda. Pafunika zogwiriziza zachitsulo pamalo olimba. Sensa ikakana kumasuka, ilekeni. Mukathyolera m'kati, ndalama imene mumafuna kupulumutsa ipita kawiri.

Lamulo likuti chiyani kugalaja

Ambiri a ife timaopa kufunsa mafunso kugalaja chifukwa cha Chingerezi, kapena poganiza kuti mlendo alibe mawu. Lamulo la Ontario loteteza ogula silifunsa kuti munabadwira kuti. Galaja iyenera kukupatsani koteshoni yolemba isanayambe ntchito, pokhapokha inuyo mutakana n'kugwirizana nawo za ndalama imene asapitirire. Ikhoza kukulipiritsani poyeza, koma ikuuzeni mtengo wake isanayeze. Bilu yomaliza isapose koteshoni ndi 10 peresenti. Zipangizo zatsopano kapena zokonzedwanso, pamodzi ndi ntchito yoziika, zili ndi chitsimikizo cha masiku 90 kapena makilomita 5,000, chimene chayamba kukwana. Ndipo muli ndi ufulu wotenga chipangizo chanu chakale. Sungani malisiti onse m'galimoto.

Funso limene ife sitinafunse ndi ili: "Mwayeza chiyani kuti mutsimikize kuti sensa ndi imene yafa?" Makaniko wabwino sakwiya nalo, amakuonetsani mita. Ngati yankho ndi loti "kompyuta yanena", dziwani kuti sanayeze. Safunsa anadya phula, ife tinadya la $429. Ngati Chingerezi chikuvuta, tengani mnzanu kapena mwana wa sukulu, kapena lembani funsolo papepala.

Ngati vani ndi ya mwini famu, kukonza ndi udindo wake. Inu jambulani kanyale ndi foni, muuzeni kapitawo tsiku lomwelo, makamaka polemba uthenga kuti pakhale tsiku ndi nthawi. Kakamaphethira, kapena utsi ukamamveka m'kati, nenani nonse pamodzi, osasiyira dalaivala yekha.

Za tepi yakuda ndi magalimoto ogulitsana

Kuyambira 1999 magalimoto a m'dera la Toronto ankayezedwa utsi pa pulogalamu ya Drive Clean. Boma la Ontario linathetsa zimenezi pa magalimoto ang'onoang'ono pa 1 Epulo 2019. Kuyambira pamenepo palibe amene amakukakamizani kuzimitsa kanyale, n'chifukwa chake tepi yakuda yachuluka. Vuto la tepi ndi loti kanyale ndi kamodzi kokha. Mukakaphimba chifukwa cha vuto laling'ono, tsiku limene kadzaphethire chifukwa cha vuto lalikulu simudzakaona. Komanso chizolowezi chija cha magalaja ena a kwathu, chogumula za m'kati mwa catalytic converter kapena kuichotseratu, kuno lamulo sililola.

Kukolola kukatha mu Novembala, anzathu ena amabwerera kwawo ndipo magalimoto amagulitsidwa mwachangu, pa Kijiji, pa Facebook kapena pakamwa. Mukamagula, tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyale zonse za padashibodi ziyenera kuyaka, kuphatikizapo kachikasuka, kenako n'kuzima injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, wina anakachotsa kapena kukaphimba. Lumikizani kamakina kaja muone ngati mayeso a kompyuta akuonetsa kuti ndi okonzeka. Ambiri akamaonetsa kuti sanakonzeke, ndiye kuti makhodi afufutidwa posachedwa kapena batire linachotsedwa, ndipo mufunse chifukwa chake. Wogulitsa ayenera kukupatsani chikalata cha Used Vehicle Information Package cha ku ServiceOntario. Satifiketi ya Safety imagwira ntchito masiku 36 okha, ndipo imangonena kuti tsiku loyezalo mabuleki, matayala, nyale ndi zina zotero zinali zololeka pamsewu. Sikulonjeza kuti injini ili bwino.

Kamakina kathu ka $40 tsopano kamakhala m'vani, ndipo kayenda kale m'nyumba zambiri za ku Bradford. Galimoto ya banja lina inapezeka kuti ndi chotsekera thanki basi. Ya mnyamata wina inalidi sensa yokalamba, anasintha yekha Loweruka masana. Ina inali yophethira, mapulagi atatha, ndipo mwini wake anaima nthawi yabwino. Ngati pafamu panu pali magalimoto awiri kapena atatu, sonkhani mugule kamodzi, ndipo musankhe munthu mmodzi wosunga kope. Kwa ife, achimwene a ku Dedza akuyendetsabe, tepi yawo yakuda anamangira chogwirira cha khasu. Sensa yakale ija, yamoyo bwinobwino, ili m'jumbo pansi pa mpando, kudikira tsiku limene ina mwa zinayi zija idzatope.